Kuodzera masana tsiku ndi tsiku: mafunso ndi mayankho pa zomwe zimachititsa komanso matenda a tulo omwe ambiri sadziwa kuti ali nawo

Pali anthu ambiri omwe akhala zaka akuodzera pa ntchito, mkalasi, pa misonkhano, ena mpaka pa chiwongolero, ndipo zomwe amamva kwa anzawo ndi zoti ndi aulesi basi. Ine zimandiwawa chifukwa nthawi zambiri munthuyo amakhala akudwala, kungoti vutolo limachitika usiku iye ali mtulo ndiye sangalione yekha. Apa tasonkhanitsa mafunso omwe anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Ndimagona usiku wonse koma masana ndimangosinza, kodi ndi ulesi?

Ayi. Waulesi amasankha kusagwira ntchito, koma inu mukulimbana ndi zikope kuti zisatseke, mukudzitsina, mukusamba kumaso, koma tulo tikukugonjetsanibe. Zimenezo ndi thupi likunena kuti china chake sichili bwino. Zifukwa zake zimagwera m'magulu angapo, mwina simukugona maola okwanira ngakhale inu mukuona ngati akukwana, mwina maola akukwana koma tulo take tikumangodukaduka inu osadziwa, mwina nthawi yomwe mukugona siyomwe thupi lanu likufuna, mwina ndi mankhwala kapena matenda ena, ndiye pali ochepa omwe vuto lili mu ubongo momwemo, mbali yomwe imayendetsa kugona ndi kudzuka.

Kutopa ndi kuodzera si chimodzimodzi?

Zimafanana koma adokotala amazisiyanitsa, ndipo ndi bwino nanunso muzisiyanitse musanapite kuchipatala. Wotopa amakhala wofooka, alibe mphamvu, koma mukamuuza kuti gona pompano tulo sitibwera. Woodzera akangokhala phee kwa mphindi zochepa, kaya akuwerenga kaya akuonera TV, wapita kale. Kufooka kumaloza kwambiri ku zinthu ngati kuchepa kwa magazi, nkhawa kapena matenda ena a mthupi, pamene kuodzera kwenikweni kumaloza ku tulo tenitenito. Ena ali nazo zonse ziwiri.

Nanga munthu amafunika kugona maola angati?

Wamkulu maola 7 mpaka 9, achinyamata a zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Ndipo apa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Munthu amalowa m'mabulangete 11 koloko, nkukhala pa foni mpaka 12 kapena kupitirira, alamu nkulira 5, ndiye akafunsidwa amati ndimagona bwinobwino. Amenewo ndi maola 5. Ukamaluza ola limodzi kapena awiri usiku uliwonse zimaunjikana, ndipo choipa chake nchoti umazolowera, umayamba kuona ngati moyo ndi momwemo pomwe mutu sukugwira ngati kale. Njira yosavuta yodziyesera: masiku omwe simupita ku ntchito mumagona maola ochuluka kwambiri kuposa masiku ena? Alamu isanalire mumadzuka nokha? Ngati pa tchuthi mwagona mokwanira kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndipo kuodzera kwatha, vuto linali maola. Ngati sikunathe, werenganibe mmunsimu.

Akunyumba amadandaula kuti ndimaliza mkonono kwambiri, zikugwirizana ndi kuodzeraku?

Kwambiri, ndipo funso ili ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa matenda obisika omwe ali ndi anthu ochuluka kuposa onse ali pamenepa. Dzina lake ndi sleep apnea, kubanika kutulo. Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, zimenezo zimachitika kwa aliyense, koma kwa ena njira ya mpweya imakhala yopanikizika kale ndiye ikalefuka imatsekekeratu. Chifuwa chikuyesa kukoka mpweya koma sukudutsa. Pamapita masekondi 10, 20, nthawi zina kupitirira apo, okosijeni m'magazi nkutsika, ubongo nkudzidzimuka, kumudzutsa munthuyo pang'ono chabe kuti khosi litseguke, iye nkupuma mwamphamvu ngati watsamwa, nkugonanso. Mmawa sakumbuka kalikonse.

Ndiye zimenezi sizichitika kamodzi ayi. Poyeza amawerenga kuti kupuma kwaima kapena kuchepa kangati pa ola limodzi. Kuyambira ka 5 mpaka 15 amati ndi yaing'ono, 15 mpaka 30 yapakati, kupitirira 30 yaikulu, ndipo alipo omwe amapitirira 60 pa ola. Tayerekezani wina akukugwedezani phewa mphindi ziwiri zilizonse kuyambira madzulo mpaka kucha, mungadzuke muli bwanji? Ndi chifukwa chake munthu amatha kukhala pabedi maola 9 nkudzuka ngati sanagone nkomwe.

Zizindikiro zina ndi kudzuka mutu ukupweteka, mkamwa mouma gwa, kudzuka kangapo usiku kukakodza, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, ena chilakolako cha m'banja chimatsika. Kafukufuku wina wa mu 2019 anayerekeza kuti anthu oposa 900 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli pamlingo wina wake, ndipo ambiri mwa iwo sanayezedwepo. Si aliyense woliza mkonono yemwe ali ndi apnea, koma mkonono waukulu womwe umaduka mwadzidzidzi, kukhala zii, kenako nkuyambiranso ndi kubanika, umenewo si woseka nawo.

Koma ine sindine wonenepa, ndiponso ndine mzimayi, zingandikhudze?

Zingathe. Zoona kunenepa, makamaka khosi lalikulu, ndiye chiopsezo chachikulu, komanso abambo ndi omwe amapezeka nayo kwambiri. Koma woonda yemwe chibwano chake ndi chaching'ono kapena cholowa mkati, lilime lalikulu, ma tonsil akuluakulu, kapena mphuno zotsekeka nthawi zonse, nayenso imamugwira. Kwa amayi chiopsezo chimakwera akasiya kusamba, ndipo vuto lake amayi ambiri sabwera ndi dandaulo la mkonono, amabwera akunena zoti akusowa tulo, kutopa, mutu, kukhumudwa, ndiye amapatsidwa thandizo la zina nkubwerera, apnea yake osaganiziridwa nkomwe.

Ndimagona ndekha, ndingadziwe bwanji zomwe ndimachita usiku?

Foni yanu yomweyo. Ikani kuti ijambule mawu usiku wonse, kapena pali ma app ochitira zimenezo, mmawa mumvetsere. Sikuti foni ingakuuzeni matenda ayi, koma mukamva mkonono wodukaduka muli ndi chokawonetsa dokotala. Ngati mumagona ndi wina m'chipinda mufunseni mwachindunji kuti kodi ndimasiya kupuma? Ambiri amakhala akuziona kwa zaka, ena mpaka amachita mantha nkumamugwedeza mnzawoyo, koma osadziwa kuti ndi nkhani ya kuchipatala.

Ndikangoisiya apnea yo chingachitike nchiyani, ndipo imachizika?

Kuisiya ndi koopsa chifukwa mtima ndi womwe umavutika. Usiku uliwonse okosijeni akutsika nkukwera, thupi likudzidzimuka kambirimbiri, mapeto ake BP imakwera, ndipo imakhala BP yovuta ija yosamva mankhwala ngakhale munthu akumwa mitundu itatu. Imagwirizananso ndi sitiroko, kugunda kwa mtima kosalongosoka komanso shuga. Osanena za ngozi zapamsewu.

Thandizo lilipo ndipo limagwira ntchito. Lodziwika kwambiri ndi makina otchedwa CPAP, omwe dokotala wina wa ku Sydney, Colin Sullivan, anawafotokoza koyamba mu 1981. Umavala kachigoba pamphuno pogona, makinawo nkumakankha mpweya pang'onopang'ono kuti khosi lisatseke. Masiku oyamba zimasowetsa mtendere, palibe chobisa, ena amafuna kusiya, koma omwe apirira nkupeza chigoba chowakwana bwino ambiri amaona kusintha kwakukulu masana. Palinso kachipangizo kovala mkamwa kokoka chibwano kutsogolo, kamathandiza omwe apnea yawo si yaikulu. Kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri kwa onenepa, kugonera m'mbali m'malo mogona chagada kumathandiza ena, ndipo mowa wamadzulo ndi mapilitsi ogonetsa ndi zoyenera kupewa chifukwa zimalefula khosi kuwonjezera.

Ndimangogona mwadzidzidzi ngakhale pakati pocheza, ndipo ndikaseka kwambiri mawondo amalefuka. Ndi chiyani chimenechi?

Zimenezi zikumveka ngati narcolepsy ndipo mukufunika kuonedwa ndi dokotala wodziwa za ubongo kapena za tulo. Ndi matenda osowa, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 2,000, ndipo amakonda kuyamba munthu ali wachinyamata, pakati pa zaka 10 ndi 30. Mu ubongo muli timaselo tochepa topanga chinthu chotchedwa orexin, ena amati hypocretin, chomwe asayansi anachitulukira mu 1998, ntchito yake ndi kumugwira munthu kuti akhale maso. Kwa omwe ali ndi narcolepsy ya mtundu woyamba timaselo timeneti tinafa, ndiye malire a kugona ndi kudzuka amasokonekera. Tulo timabwera mwamphamvu masana, munthu nkugona mphindi zochepa nkudzuka ali bwino, pakapita maola awiri kapena atatu zayambiranso. Usiku tulo take timakhalanso todukaduka, zomwe anthu sayembekezera.

Kulefuka mukaseka kuja kumatchedwa cataplexy. Kumabwera ndi chimwemwe, kuseka, kudabwa kapena mkwiyo, nthawi zina ndi nkhope yokha yomwe imagwa kapena mutu kuwerama, nthawi zina munthu amagweratu pansi, koma amakhala akumva zonse, sakomoka. Apa ndi pomwe anthu amasokoneza ndi khunyu. Chomvetsa chisoni nchoti ambiri amatha zaka zochuluka asanauzidwe chomwe akudwala, mwana amangotchedwa waulesi kusukulu, magiredi nkutsika, iye nkuyamba kukhulupirira kuti ndi wopanda pake. Matendawa sachizikiratu koma pali mankhwala othandiza kukhala maso monga modafinil, ena oletsa kulefukako, komanso kukonza nthawi zogona pang'ono masana kumathandiza ndithu.

Pali enanso omwe amagona maola 11 kapena kuposa, kudzuka kwake nkhondo, maalamu atatu osamva, akadzuka amakhala ngati aledzera kwa nthawi yaitali, ndipo kugona masana sikuwatsitsimula. Amenewo akhoza kukhala ndi matenda ena otchedwa idiopathic hypersomnia.

Nthawi zina ndimadzuka koma thupi osatheka kusuntha, ngati china chandikhalira pachifuwa. Ndikudwala?

Zimaopsa zedi koma pazokha sizivulaza. Tikamalota thupi limazimitsa minofu kuti tisamachite zomwe tikulotazo, ndiye nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasuke, nchifukwa chake umaona kapena kumva zinthu m'chipinda, ndi maloto omwe sanathe. Zimatha zokha pa masekondi kapena mphindi zochepa. Zimachitikira anthu ambiri abwinobwino, makamaka akamagona mosakwanira, akakhala ndi nkhawa kapena akagona chagada. Koma zikamabwera pafupipafupi pamodzi ndi kuodzera kwambiri masana, mukazitchule kwa dokotala chifukwa zimapezekanso mu narcolepsy.

Miyendo yanga imandisowetsa mtendere madzulo, ndimangofuna kuisuntha. Zimenezinso ndi matenda?

Eya, amati restless legs syndrome. Anthu amavutika kufotokoza, ena amati kuyabwa kwa mkati, ena kukoka, ena kunyerenyetsa, koma chodziwika nchoti zimabwera ukakhala kapena kugona, zimakula madzulo ndi usiku, ndipo ukayenda zimaleka kaye. Ambiri amamenyanso mateche kutulo osadziwa, tulo nkumaduka. Nthawi zambiri zimagwirizana ndi kuchepa kwa ayironi mthupi, ndiye pemphani kuti akuyezeni ferritin, chomwe chimasonyeza ayironi wosungidwa mthupi, osati kuchuluka kwa magazi kokha, chifukwa magazi akhoza kuoneka okwana ayironi ali wochepa. Zimakondanso amayi oyembekezera ndi odwala impso, ndipo zimayenda m'banja. Musangoyamba kumwa mapilitsi a ayironi musanayezedwe.

Ndimagwira ntchito ya naiti, masana ndimagona ndithu koma sindikhuta tulo. Bwanji?

Chifukwa mthupi muli wotchi yomwe imatsatira kuwala. Kukada imatulutsa chinthu chotchedwa melatonin kukonzekera kugona, kukacha imadzutsa chilichonse. Inu mukamagona 8 koloko mmawa wotchiyo ikukuwa kuti dzuka, ndiye tulo take timakhala tafupi komanso tosazama. Oyenda mashifiti osinthasintha ndiye amavutika koposa. Chomwe chimathandizako ndi kudetsa chipinda kwambiri, kutseka makutu, kupewa dzuwa lamphamvu pobwerera kunyumba, kugona pang'ono musanapite ku ntchito, komanso akunyumba amvetse kuti tulo tanu tamasana si kupuma wamba.

Achinyamata ambiri alinso ndi vuto la wotchi yomweyi koma mwamtundu wina, yawo imachedwa, tulo sitibwera mpaka 1 kapena 2 koloko usiku ndiye kudzuka 6 kumakhala chilango. Foni imawonjezera moto. Kuona kuwala kwa dzuwa mmawa ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale Loweruka, kumaibweza pang'onopang'ono.

Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija sizingathetse?

Zimangophimba. Tikakhala maso mu ubongo mumaunjikana chinthu chotchedwa adenosine chomwe chimabweretsa tulo, ndiye caffeine, yemwe ali mu khofi ndi zakumwazo, amangotseka kuti ubongo usachimve, koma icho chilipobe chikudikira. Komanso caffeine amachedwa kutuluka mthupi, pakatha maola ngati 5 theka lake limakhala likadalimo. Womwa 4 koloko madzulo akugona nayebe usiku, tulo nkuchepa, mawa nkuodzera kwambiri, nkumwanso wambiri. Mowa nawo anthu amati umagonetsa, zoona umagwetsa msanga, koma ukamatha mthupi chakummawa tulo timasweka.

Mankhwala omwe ndikumwa angakhale ndi mbali?

Funso labwino lomwe ambiri amaiwala kudzifunsa. Mankhwala a chimfine ndi ziwengo monga chlorpheniramine ndi promethazine amagonetsa, ndipo amabisala m'mankhwala ambiri a chifuwa. Ena ndi diazepam ndi anzake, amitriptyline, mankhwala a khunyu monga phenobarbital ndi carbamazepine, opha ululu amphamvu monga tramadol ndi codeine, ndi ena a matenda a maganizo. Ngati kuodzera kunayamba mutangoyamba mankhwala atsopano, kanene. Koma chonde musasiye nokha, makamaka a khunyu ndi a maganizo, nthawi zambiri dokotala amangosintha nthawi yomwera kapena mlingo.

Ndi matenda ena ati omwe amabweretsa tulo kapena kufooka masana?

Kuchepa kwa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mofooka, shuga yosayang'aniridwa bwino, matenda a impso ndi chiwindi, kuvulala m'mutu, ululu wosatha womwe ukukulepheretsani kugona. Miyezi itatu yoyamba ya pakati amayi ambiri amaodzera kwambiri ndipo sizachilendo. Matenda okhumudwa nawo, anthu amadziwa zoti amasowetsa tulo koma kwa ena amachita zosiyana, munthu amangogona osafuna kudzuka. M'madera a mu Africa momwe muli ntchentche za tsetse mulinso kaodzera, amene amayamba ndi kutentha thupi ndi mutu kenako kusokonekera kwa tulo ndi maganizo, ameneyo amafuna chipatala msanga. Ndipo wina akayamba kugona modabwitsa mwadzidzidzi, kuvuta kumudzutsa, kusokonezeka mutu, kutentha thupi kapena atamenyetsa mutu, musadikire mawa.

Nanga ana?

Ana amasokoneza chifukwa mwana wosagona bwino kawirikawiri saodzera, m'malo mwake amakhala wosakhazikika, wovuta, wosamvetsera mkalasi. Ngati amaliza mkonono pafupifupi usiku uliwonse, kupumira mkamwa, kutuluka thukuta kwambiri, kugona atapinda khosi chakumbuyo kapena kukodza pogona pa msinkhu woti anasiya, akamuone kukhosi. Nthawi zambiri ndi ma tonsil ndi ma adenoid (tinyama ta kuseri kwa mphuno) akuluakulu, ndipo akachotsedwa ana ambiri amasintha.

Kuodzera ukangodya masana ndi vuto?

Ayi, pakati pa 1 ndi 3 koloko masana thupi limatsika lokha ngakhale usanadye, kudya kwambiri kumangowonjezera. Kugona mphindi 15 kapena 20 kumakwana. Vuto ndi pamene mukugona osafuna, malo osayenera, masiku ambiri, kwa miyezi.

Ndikapita kuchipatala ndikanene chiyani, ndipo amayeza bwanji?

Musakangoti ndimatopa, chifukwa mawu amenewo amabwera ndi aliyense ndipo mukhoza kubwerera ndi mavitamini. Kanene kuti ndimagona osafuna, mutchule malo ake, kuti pa msonkhano, poyendetsa, pocheza, ndi kuti zinayamba liti. Kwa sabata ziwiri musanapite muzilemba nthawi yomwe mwagona, yomwe mwadzuka, mwadzuka kangati usiku, khofi ndi mowa zomwe mwamwa. Tengani mankhwala onse omwe mukumwa, ndipo ngati nkotheka pitani ndi amene mumagona naye, umboni wake ndi wofunika kuposa wanu pa nkhani ya usiku.

Pali mafunso otchedwa Epworth Sleepiness Scale omwe anakonza dokotala Murray Johns wa ku Melbourne mu 1991, amafunsa kuti mungasinze mosavuta bwanji pa zochitika 8, chilichonse mumapereka 0 mpaka 3, zonse pamodzi 24, ndipo kupitirira 10 ndi chizindikiro choti pakufunika kufufuza. Amapezeka pa intaneti. Kenako amayeza magazi, shuga, chithokomiro ndi ayironi. Akakayikira apnea pamakhala kuyeza tulo, mwina kugona usiku umodzi kuchipatala atakumatani mawaya oona ubongo, kupuma, mtima, okosijeni ndi miyendo, kapena kukupatsani kachipangizo kokagona nako kunyumba. Akakayikira narcolepsy amawonjezera kuyeza kwa masana, amakupatsani mpata wogona ka 4 kapena ka 5 motalikirana maola awiri, nkuona kuti mukugona msanga bwanji komanso ngati mukulowa m'tulo ta maloto nthawi yomweyo. Si chipatala chilichonse chili ndi zipangizo zimenezi, ndiye funsani kuti angakutumizeni kuti, musangovomera kuti palibe chochita.

Podikira zonsezi ndingamayendetsebe galimoto?

Ngati munasinzapo pa chiwongolero, kapena mumafika malo osakumbuka momwe mwadutsira makilomita apitawo, siyani kaye mpaka muonedwe, izi ndikunena mosanyengerera. Ubongo wotopa umazima kwa masekondi ochepa maso ali chitsegulire, ndipo pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse, ndiye masekondi 4 okha mwadutsa mamita oposa 100 popanda woyendetsa. Ofufuza anapeza kuti munthu yemwe wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi yemwe wamwa mowa kufika mlingo wa 0.05 peresenti m'magazi. Kutsegula windo, kukweza wailesi, kutafuna chingamu, zonsezo sizigwira kupitirira mphindi zochepa. Mukayamba kuyasamula motsatizana, zikope kulemera kapena galimoto kumapita m'mbali, imani pamalo abwino, imwani khofi ngati alipo, mugone mphindi 20 kenako muone ngati mungapitirize kapena wina atenge chiwongolero. Chimodzimodzi kwa ogwira ntchito ndi makina odula, okwera pamwamba ndi oyendetsa njinga zamoto, auzeni akuntchito kuti mukuyezedwa kuti akusinthireni ntchito kwa kanthawi.